Chipatala cha Friern ku London chinatsekedwa bwanji, nanga odwala ake anapita kuti?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Ndikupereka moni kwa nonse a m'chigwa cha Shire, amene muli kumudzi ndi amene muli kutali. Mchemwali wanga, yemwe amagwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto kwa mzinda wa London, wandifotokozera za chinyumba chachitali chimene chili m'dera la Friern Barnet, chomwe masiku ano chimatchedwa Princess Park Manor ndipo mumakhala anthu ochita bwino, koma kale chinali chipatala cha odwala misala cha chigawo cha Middlesex, ndipo akuti panthawi ina munkagona odwala oposa 2,500.

Nkhaniyi yandipatsa maganizo chifukwa cha mmene zinthu zilili kuno kwathu. Munthu akadwala matenda a m'maganizo kufika poti achibale asowa naye mtengo wogwira, ndipo a pachipatala cha boma aona kuti sangathe kumusunga, njira imene imatsala ndi ya ku Zomba. Kuchokera pa boma la Nsanje ulendo umenewu ndi wa makilomita pafupifupi 250, wodutsa pa Bangula, pa Ngabu ndi pa Nchalo, kuwoloka Shire pa Chikwawa, kukwera mapiri a pa Thabwa mpaka mu Blantyre, kenaka n'kupitiriranso. Pa misonkhano ya chitukuko ndamvapo anthu akunena kuti boma likanatimangira chipatala chachikulu cha matendawa konkuno, kaya pa Bangula kapena pa Nchalo, mavuto athu akanachepa, ndipo ine ndakhala ndikuvomereza. Tsono ndikudabwa kumva kuti anzathu amene anali nacho chipatala chotero, amenenso ali ndi chuma choposa chathu, anachitseka n'kuchigulitsa.

Ndikupempha amene akuidziwa mbiri imeneyi atiuze kuti anachimanga ndani ndipo anachimangiranji, moyo wa odwala unali wotani m'katimo, chinachititsa kuti chitsekedwe n'chiyani, ndipo koposa zonse, anthu onse aja anapita kuti.

Namwino wa kwa Chapananga, wokhala ku London:

Zikomo aphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino wa matenda a m'maganizo konkuno, ndipo mbiri ya Friern ndi yodziwika pakati pa anthu a ntchito yathu, choncho ndiyamba ndi mmene chinabadwira.

Kalelo ku England mmphawi akadwala misala ankatsekeredwa m'ndende, kapena m'nyumba zosungiramo amphawi zotchedwa workhouse, kapenanso ankaperekedwa kwa anthu amene ankachita malonda osunga amisala m'nyumba zawo, ndipo m'malo onsewa unyolo sunali chinthu chachilendo. Mu 1808 nyumba ya malamulo inaloleza zigawo za dzikolo kumanga zipatala za amisala osauka ndi ndalama za msonkho, koma popeza lamulolo linali longololeza chabe, zigawo zambiri sizinachitepo kanthu mpaka mu 1845, pamene lamulo lina linakakamiza chigawo chilichonse kukhala ndi malo osungirako odwala ake. Chigawo cha Middlesex, chimene chinkatenga mbali yaikulu ya London ya kumpoto kwa mtsinje wa Thames, sichinadikire kukakamizidwa, pakuti chinatsegula chipatala chake choyamba ku Hanwell mu 1831. Kumeneko n'kumene Dr John Conolly, atayamba ntchito mu 1839, analetsa maunyolo, malamba ndi malaya omangira manja m'miyezi yowerengeka, n'kuonetsa anthu kuti odwala mazanamazana akhoza kusamalidwa osamangidwa.

Hanwell itadzaza, akuluakulu a chigawo anapeza malo omangapo chipatala chachiwiri, chomwe ndi cha Friern tikunenachi, ku Colney Hatch, komwe nthawi imeneyo kunali kumidzi, minda ndi msipu zokhazokha. Amene anaika mwala wa maziko mu 1849 ndi Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, ndipo chipatalacho chinatsegulidwa mu Julaye 1851 chili ndi malo a odwala pafupifupi 1,250. Wojambula mapulani ake anali Samuel Daukes. Kumaso kwa nyumbayo n'kotalika kupitirira theka la kilomita, ndipo makolido a m'kati mwake, kuwaphatikiza onse, ankayandikira makilomita 10. Ndalama zimene zinalowa zinafika pafupifupi mapaundi 300,000, kuwirikiza kawiri zimene anaganizira poyamba. Amuna ankakhala mbali imodzi, akazi mbali inayo, tchalitchi chili pakati, ndipo pamalopo panali minda ndi ziweto, mophikira buledi, mofululira mowa, mochapira, mosokera zovala ndi nsapato, manda akeake, komanso siteshoni ya sitima chapafupi pomwepo.

Tisafulumire kuwaweruza anthu amene anamanga nyumba imeneyi, chifukwa cholinga chawo sichinali nkhanza. Iwo ankakhulupirira kuti munthu akachotsedwa m'makwalala auve ndi othithikana a mu London, n'kupatsidwa chakudya chokwanira, mpweya wabwino, nthawi yodziwika yogonera ndi yodzukira, ndiponso ntchito yogwira ndi manja, nzeru zake zikhoza kubwerera, ndipo alipo ndithu amene anachira n'kubwerera kwawo. Amuna ankalima ndi kuweta, akazi ankachapa ndi kusoka, ndipo ntchito yawoyo ndi imene inkachepetsa ndalama zoyendetsera chipatala, ngakhale iwo eni sankalandira malipiro koma mwina kachakudya koonjezera, fodya kapena mowa.

Chimene chinaononga zonse ndi kuchuluka kwa anthu. Oyang'anira amphawi m'madera a mzindawo anaona kuti apeza kotumiza aliyense wovuta kusunga, monga nkhalamba zosokonezeka mutu, odwala khunyu, obadwa ndi nzeru zoperewera, komanso anthu amene chindoko chinawafika ku ubongo, amene m'masiku amenewo analibe mankhwala ndipo ankamwalira patangopita zaka zochepa. Chipatala chinasanduka ngati nkhokwe imene anthu amangothiramo osatapamo. Pasanathe zaka khumi anachikulitsa kuti chizisunga odwala 2,000, pamene madokotala anali owerengeka kwambiri, moti dokotala sakanatha kudziwa ngakhale mayina a anthu a m'mawodi ake, ndipo ntchito ya osamalira odwala inangokhala kuwerenga mitu, kugawa chakudya ndi kukiya zitseko. Dzina loti Colney Hatch linasanduka chitonzo mu London, monga mmene ena kwathu amanyozera anzawo powauza kuti akuyenera ku Zomba, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mu 1937 analisinthira kukhala Friern.

Kuthithikanaku kunabweretsa tsoka lalikulu. Mu 1889 chipatalacho chinalowa m'manja mwa khonsolo ya chigawo cha London, yotchedwa London County Council, ndipo mu 1896, posowa pogoneka anthu, anamanga mawodi ongoyembekezera a matabwa ndi malata a amayi oposa 300, ngakhale akuluakulu oyendera zipatala zotere anali atachenjeza za ngozi ya moto. M'bandakucha wa pa 27 Januwale 1903 moto unabuka kunja kukuwomba chimphepo, ndipo mawodi amenewo anapsa mofulumira kwambiri, moti amayi oposa 50 anafera momwemo. Ndiima kaye apa chifukwa nthawi ya ntchito yakwana, za kutsekedwa kwake ndidzalemba ndikaweruka.

Namwino wopuma wa ku Nchalo:

Mwana wanga wa kwa Chapananga, mwalongosola bwino kwambiri, ndipo podikira kuti muweruke ndiikepo zanga, popeza ndinagwira ntchito imeneyi kuno kumudzi mpaka ndinapuma.

Aphunzitsi, mbiri yathu inayamba mosiyana ndi ya anzathuwo. Mu 1910 boma la atsamunda linapatula mbali ina ya ndende yaikulu ya ku Zomba kuti muzisungidwa amisala, ndipo amene ankawayang'anira anali asilikali a ndende, osati madokotala, chifukwa chimene boma linkafuna ndi kuchotsa pakati pa anthu amene ankaoneka oopsa kapena osokoneza. Chipatala chimene tikuchidziwa lerochi chinatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo loyendetsera chisamaliro cha odwalawa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, linagwira ntchito zaka zoposa 70. Choncho pamene a ku England ankafika kumapeto kwa nthawi ya zipatala zikuluzikulu, ife n'kuti tikungotsegula kumene chathu, ndipo n'chimodzi chokha cha boma chachikulu chotero m'dziko lonse. Kumpoto anthu amathandizidwa ndi a St John of God, amene anayamba ntchito ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990.

Ine ndikuona kuti chimene chinatseka Friern ndi mankhwala. Mu 1952 madokotala a ku Paris anayamba kupereka chlorpromazine kwa odwala misala, mankhwala amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Largactil, ndipo amene sanaone mmene amagwirira ntchito sangamvetse. Munthu amabwera naye atamumanga manja ndi mphira ya chubu cha njinga, milomo itang'ambika ndi ludzu, atatha masiku osagona, akutukwana mayi ake omubala, amuna anayi atamugwira. Akalandira jakisoni amagona, ndipo pakapita sabata ziwiri kapena zitatu akumwa mapiritsi mumangomva akupempha madzi osamba, kenaka n'kufunsa ngati thonje lake linapoperedwa. Munthu wotere safunika kumusunga zaka makumi awiri kuseri kwa mpanda.

Koma mankhwalawa ali ndi zovuta zake, ndipo kuno kuchigwa zimakula. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuwa, tsono ganizirani mlimi amene ayenera kukhala kumunda mu Okutobala kapena mu Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Haloperidol ndi jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine amatha kuumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja ndi kutulutsa dovu, ndipo ngati palibe benzhexol woti achepetse zimenezi, wodwala amasiya mankhwala, achibale n'kunena kuti a chipatala amuonjezera matenda. Pakatha miyezi ingapo matenda aja amayambiranso.

Chinanso chimene anthu saganizira n'chakuti ambiri amene amabwera nawo akuti achita misala amakhala kuti akudwala zina. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kachilombo ka HIV kakafika pena, kusiya kachasu mwadzidzidzi kwa munthu amene anazolowera, zonsezi zimasokoneza mutu, ndipo munthu wotere afunika kupimidwa magazi ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo pachipatala chapafupi, osati kumukweza ambulansi ulendo wa tsiku lathunthu. N'chifukwa chake ine sindivomereza zomanga chipatala chachikulu pa Bangula. Ndikanakonda wodi yaing'ono pachipatala cha boma lililonse, ndi mankhwala osadukiza m'zipatala zing'onozing'ono. Akuluakulu anzanga akukumbukira kuti odwala khate nawonso ankasungidwa padera, monga ku Utale, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 a bungwe lolimbana ndi khate la LEPRA anayamba kuwatsatira m'midzi ndi mankhwala pa galimoto ndi pa njinga, ndipo khate linachepa anthu ali m'makomo mwawo.

Mkulu wa mpingo wa ku East Bank:

Mayi namwino, ndakumvani ndipo ndikulemekeza ntchito imene munagwira, koma mundilole nditsutsepo pang'ono, chifukwa mawu oti wodwala azisamalidwa pakhomo amakoma kuwanena kusiyana ndi kuwachita.

M'mudzi wina woyandikana ndi wathu muli mnyamata amene anadwala atangomaliza Fomu 4. Atatentha khitchini ya eni, n'kuthamangitsa ana ndi chikwanje, amalume ake anagula unyolo ndi loko n'kumumangirira mwendo ku mtengo wa nimu umene uli kuseri kwa nyumba. Mthunzi ukasuntha iye sangausate, unyolo unamudya pakakolo mpaka panachita chilonda, ndipo mayi ake anamukulungira kansanza pamenepo kuti chitsulo chisamakhudze mnofu. Mayiyo sapita kudimba chifukwa palibe wina amene mnyamatayo amalola kuti amupatse chakudya, choncho banja lonse lili pa njala chifukwa cha munthu mmodzi. Amene anamumangawo si anthu oipa, ndi akhristu anzathu, koma anagwira njakata. Ndikamva kuti Dr Conolly anachotsa maunyolo mu 1839, ndikuona kuti anatha kutero chifukwa anali ndi mpanda, zipinda, ndi antchito osinthana usana ndi usiku, pamene mayi uyu ali yekha.

Kenaka pali nkhani ya njira. Chikokolokereni njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, ife a tsidya lino timawoloka pa bwato pa Mtayamoyo, apo ayi timazungulira msewu wa ku Fatima mpaka pa Thabwa, umene nthawi ya dzinja umaduka mitsinje ikadzaza. Ndani angalole kukwera bwato limodzi ndi munthu amene akulimbana ndi omugwira, pamadzi pomwe pali ng'ona? Madzi osefukira a mu Januwale 2015 komanso a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 atabwera, anthu anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo mabuku a kuchipatala ndi mapiritsi zinapita ndi madzi. M'misasa ya pasukulu, momwe mabanja ambiri ankagona m'kalasi imodzi, amene anali bwinobwino pa mankhwala anayambiranso kudwala, ndipo anzawo ankawathamangitsira panja usiku poopa ana.

Sindikunena kuti timange chinyumba cha anthu 2,500, ndipo ndamva bwino za moto uja ndi za dokotala wosadziwa mayina a odwala ake. Koma alipo anthu ena, ngakhale ndi ochepa, amene mankhwala sawagwira mokwanira, kapena amene makolo awo anamwalira ndipo abale otsala sawafuna, amene timawaona akutola zakudya pa msika wa Bangula ana akuwagenda. Amenewa afunika malo okhala kwa nthawi yaitali, ndipo ndikufuna mwana wathu wa ku London atiuze zoona ngati a ku England anawapezera pokhala, kapena anangowatulutsa kuti apeze ndalama za malowo.

Namwino wa kwa Chapananga, wokhala ku London:

Amayi a ku Nchalo, mwanena zoona kuti mankhwala anathandiza kwambiri, koma si okhawo amene anatseka Friern, pakuti kuchokera pamene chlorpromazine anafika mpaka pamene chipatalachi chinatsekedwa panapita zaka pafupifupi 40. Mankhwala asanabwere panali patayesedwa kale njira zina, monga kugwedeza ubongo ndi magetsi, kumene kunayamba ku Italy mu 1938, kukomola odwala ndi insulin (mankhwala a matenda a shuga), ngakhalenso opaleshoni yodula mitsempha ya mu ubongo imene inalemaza anthu ambiri, ndipo chiwerengero cha ogona m'zipatala zotere ku England ndi Wales chinapitirira kukwera mpaka chinafika pafupifupi 150,000 mu 1954. Lamulo la 1930 linali litalola kale kuti munthu azilowa mwa kufuna kwake popanda chilolezo cha woweruza milandu, ndipo la 1959 linachititsa kuti odwala ambiri azigonekedwa monga mmene amagonekedwera wodwala wina aliyense. Zipatala zina, monga Dingleton ku Scotland, zinayamba kusiya zitseko za mawodi zosakiya mankhwala atsopanowa asanafike n'komwe.

Kunalinso nkhani ya ndalama ndi ya ndale. Kuyambira mu 1948 zipatalazi zinali m'manja mwa National Health Service, nthambi ya boma yoyendetsa zipatala, ndipo kukonza nyumba zakale za zaka zana, zodontha ndi zovuta kutenthetsa nthawi yozizira, kunkadya chuma chambiri. Mu 1961 nduna ya zaumoyo, Enoch Powell, inalengeza poyera kuti boma likufuna kuchepetsa mabedi a m'zipatala zimenezi ndi theka m'zaka 15, ndi kuti zambiri mwa izo zidzatsekedwa. Kenaka kunabwera manyazi. Mu 1965 mayi wina dzina lake Barbara Robb anapita kukaona gogo wina amene ankamudziwa mu wodi ya okalamba ku Friern konkuko, ndipo zimene anaona zinamuchititsa kuyambitsa bungwe lomenyera ufulu wa okalamba a m'zipatala za boma. M'zaka zotsatira kafukufuku wa boma anaulula nkhanza pa zipatala zina, monga Ely ku Cardiff mu 1969 ndi Whittingham ku Lancashire mu 1972. Chigamulo chotseka Friern pamodzi ndi chipatala china chotchedwa Claybury chinaperekedwa mu 1983, ndipo Friern inatsekedwa mu 1993.

Tsopano funso lanu aphunzitsi, lomwenso ndi la bambo mkulu wa mpingo. Anthu 2,500 aja sanatuluke tsiku limodzi. Ambiri mwa amene anakhalitsa anakalambira momwemo n'kumwalira, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1950 odwala atsopano ankagona masabata kapena miyezi n'kubwerera kwawo, moti pofika nthawi yotseka chiwerengero chinali chitatsika kwambiri. Otsalawo ndi amene anali ovuta, chifukwa ena anali atakhala m'katimo zaka 20 kapena 30, osadziwa kugula chinthu m'sitolo, kuphika kapena kukwera basi, ndipo achibale awo anali atamwalira kapena atawaiwala. Mwayi wake ndi wakuti mu 1985 kunakhazikitsidwa gulu la akatswiri lotchedwa TAPS, lotsogozedwa ndi Pulofesa Julian Leff, limene linatsatira odwala okhalitsa oposa 600 a ku Friern ndi ku Claybury kwa zaka zisanu chitulukireni. Ambiri anawaika m'nyumba wamba za m'makwalala a anthu, anthu ochepa m'nyumba iliyonse, muli antchito owayang'anira, ndipo m'nyumba zambiri antchitowo ankakhalamo usana ndi usiku. Gululo linapeza kuti matenda enieniwo sanasinthe kwenikweni, koma anthuwo anaphunzira kudzisamalira, anapeza abwenzi, ndipo ochuluka ankafuna kukhalabe kumene anawapititsako. Amene anasowa pokhala kapena kulowa m'ndende anali ochepa kwambiri, ngakhale kuti oposa mmodzi mwa atatu alionse anagonekedwanso m'chipatala panthawi ina, ndipo panali kagulu kena kamene kanafunikabe malo apadera okhala ndi antchito ambiri.

Choncho bambo, pa anthu a ku Friern enieniwo yankho ndi lakuti anawapezera pokhala, ndipo chisamaliro chatsopanocho sichinali chotchipa kwenikweni poyerekeza ndi chakale, chifukwa ndalama zinkatsata wodwala kumene wapita. Amene anavutika ndi odwala atsopano a m'zaka za m'ma 1990, amene anapeza mabedi atachepa mu London pamene magulu owayendera m'makomo anali asanakhazikike. Mu Disembala 1992 wodwala wina amene anadutsa m'zipatala zambiri popanda womutsatira bwinobwino anapha munthu wosalakwa pa siteshoni ya Finsbury Park, ndipo kafukufuku anapeza kuti maofesi ankangopatsirana munthuyo, palibe amene anamutenga ngati udindo wake. Mpaka lero timavutika kupeza bedi, ndipo nthawi zina wodwala amatumizidwa ku mzinda wina wakutali ndi abale ake, zomwe sizikusiyana kwambiri ndi ulendo wa ku Zomba umene mukudandaula nawo.

Pa za mnyamata wa pa mtengo wa nimu, ndikupempha kuti mpingo udziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti auze namwino wa matenda a m'maganizo wa pa boma, chifukwa munthu woteroyo nthawi zambiri amatha kumasulidwa akayamba kulandira jakisoni wa pamwezi, ndipo chilonda cha pakakolocho chifunika kuonedwa msanga.

Namwino wopuma wa ku Nchalo:

Mwana wanga, za zaka 40 zija ndazimva, koma taonani kuti nyumba zing'onozing'ono mukunenazo zinatheka chifukwa anthu ake anali pa mankhwala. Bambo mkulu wa mpingo, pa za anthu opanda abale ndikugwirizana nanu, ndipo sindikuona chovuta kuti mipingo ya m'chigwa muno, imene ili kale ndi zipatala monga cha Trinity ku Muona ndi cha Montfort ku Nchalo, iganizire za nyumba ya anthu khumi kapena khumi ndi awiri yokhala ndi dimba lake pafupi ndi chipatala. Chimene ndikuopa n'chakuti ikangotsegulidwa, mabanja a ku Chikwawa, ku Nsanje ngakhalenso a tsidya la Mozambique adzabweretsa awo n'kusowa osabweranso, ndipo pakatha zaka zisanu mudzakhala anthu zana limodzi ndi namwino mmodzi. Pafunika kugwirizana kuyambira pachiyambi kuti aliyense wolowa akhale ndi gadiyani wodziwika kwa mfumu ya kwawo, ndiponso tsiku loti nkhani yake idzaunikidwenso.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Ndathokoza nonse. Ndili ndi funso limodzi lotsala kwa achemwali a ku London. Mwatchula kuti chipatalacho chinali ndi manda akeake, ndipo poti malowo tsopano ndi nyumba zogona anthu, kodi mandawo anatani nawo, nanga mbumba ya anthu amene anafera kumeneko ingathe kudziwa kumene agogo awo anagona?

Namwino wa kwa Chapananga, wokhala ku London:

Achimwene, manda a pachipatalapo anagwira ntchito kuyambira mu 1851 mpaka mu 1873, ndipo m'zaka zimenezo munaikidwa odwala 2,696, popanda mwala wa dzina pa manda a munthu aliyense payekha, koma patapita nthawi anaimika chipilala chimodzi chokumbukira onsewo. Kuchokera mu 1873 omwalira ankakaikidwa ku manda aakulu a ku New Southgate, omwe ali chapafupi, pokhapokha ngati achibale abwera kudzatenga maliro, zomwe amphawi ambiri sankakwanitsa. Mbali yaikulu ya nyumba yakaleyo inatetezedwa ndi lamulo losunga nyumba za mbiri, n'chifukwa chake ogula sanaigwetse koma anaigawa m'zipinda zogulitsa, pamene pa malo ena ozungulira anamangapo nyumba zatsopano ndi masitolo.

Mabuku olembamo odwala sanatayidwe. Amasungidwa ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za mzinda wa London, imene kwa zaka zambiri inkatchedwa London Metropolitan Archives, ndipo m'mabuku amenewo muli dzina la wodwala, zaka zake, ntchito yake, dera limene anachokera, zimene dokotala anaona pomulandira, tsiku limene anatuluka kapena kumwalira, ndipo ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ali ndi chithunzi chake chomwe. Zolembedwa za wodwala zimakhala zotsekedwa kwa zaka 100, choncho za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria munthu aliyense akhoza kukaziwerenga, koma zimene sizinakwanitse zaka 100 wachibale ayenera kulemba kalata yopempha ndi kusonyeza ubale wake.